Zingwe za Che Ajusa

Kankhirani chikuni icho pamoto, kuti muziona nkhope za anzanu. Nkhani iyi si ya kumanda, si ya kudambo. Inachitikira m'tauni, ku Limbe, dzuwa likuswa mtengo, m'nyumba ya kampani ina yogula nandolo. Amene inawagwera ndi a Zefaniya Kadango, munthu amene sukulu analekeza sitandade faifi.

Ntchito yawo inali ya zingwe za makompyuta. Inu mukaona kompyuta patebulo mumayesa imaganiza yokha. Bodza. Kumbuyo kwake kuli chingwe chotuwa, chonenepa ngati pensulo, chimene chimakwera khoma, kulowa m'siling'i, n'kukatsikira m'kachipinda momwe muli bokosi lotchedwa swichi. Zingwe za maofesi onse zimakumana m'bokosi limenelo. Mukachisenda chingwecho mupeza timawaya tisanu ndi titatu topotana tiwiritiwiri: ka olenji, ka girini, ka buluu ndi ka bulawuni, kalikonse ndi kanzake koyera ka mizere. Munthu amatiwongola ndi zala, kutindandalika mwa ndondomeko yake, kutilowetsa m'kapulagi koonekera ngati galasi, n'kufinya ndi chofinyira kuti khe. Akasemphanitsa kamodzi kokha, kompyuta ya bwana wa madigiri imangoti duu ngati chitsa.

Ndondomekozo zilipo ziwiri. Ena amayamba ndi olenji, ena amayamba ndi girini. Zonse ndi zabwino. Choipa ndi kusakaniza, mbali ino ya chingwe olenji, mbali inayo girini. Akuti makina a masiku ano amakhululuka zimenezo, koma swichi ya pakampanipo inali yakalekale, yosadziwa kukhululuka.

A Kadango analowa pakampanipo ngati wosesa, ali kale ndi ana atatu. Amene anawaika chofinyira m'manja anali Che Ajusa, mkulu wa ku Machinga, wamfupi, wa kofia yoyera, wokonda fodya wa m'mphuno. Zingwe zoyamba m'nyumbamo anakoka ndi iwowo, ndipo ankayamba ndi girini. Pofinya ankachita kuyimba chapansipansi: woyera-girini, girini, woyera-olenji, buluu, woyera-buluu, olenji, woyera-bulawuni, bulawuni. Ndipo poti makina opeta nandolo ankasokosa, awiriwo anali ndi chinenero chawo. Wina akakhala m'siling'i wina pansi, ankalankhulana pogwedeza chingwe. Kamodzi, ndiye kuti zili bwino, pitiriza. Kawiri, ndiye kuti leka.

Kenaka kunabwera Hamfule Kalinde, mnyamata wa mapepala, wa nsapato zosongoka ngati mlomo wa khwangwala. Anamuika kukhala woyang'anira za makompyuta. Mwezi wake woyamba netiweki inayamba kutsimphina. Aliyense wosesa ankadziwa kuti ndi makoswe a m'nandolo amene anatafuna zingwe ziwiri. Koma Kalinde anazula pulagi imodzi, n'kuiyang'ana pawindo, n'kunena kuti vuto ndi girini, kuti girini ndi za makedzana, kuti munthu wosaphunzira wawononga nyumba. Che Ajusa, atagwira zaka makumi awiri ndi ziwiri, anapatsidwa kalata ndi wotchi ya pakhoma. Anabwerera ku Machinga, ndipo dzinja lotsatira anamwalira.

A Kadango kumaliro sanapite. Asilamu sagoneka maliro, ndiye ankauza anthu kuti uthenga unafika mochedwa. Koma tsiku la sadaka analidziwa kudakali mwezi wathunthu, ndipo nakonso sanapite. Anaopa kupempha tsiku kwa Kalinde. Nkhani imeneyi sankaiuza munthu.

Patapita zaka zitatu, Lachisanu lina, nyengo yogula nandolo itayandikira, Kalinde anawaitana pamaso pa makalaliki onse.

"Mdala, tabwerani kuno. Zingwe za m'bale wanu Ajusa zija zonse zichoke. Nali bokosi la chingwe chatsopano, nawa mapulagi makumi asanu, nawa makiyi a maofesi. Zingwe khumi ndi ziwiri. Olenji poyamba, monga limanenera buku. Buku mumalidziwa?"

"Buku sindilidziwa, bwana," anatero a Kadango. "Ndimadziwa waya."

Kalaliki wina anaseka, n'kubisa kusekako m'chifuwa.

"Tiona," anatero Kalinde. "Lolemba alimi ayamba kufika. Masikelo ndi makompyuta ndizipeze zikulankhulana. Zikapanda kutero ndiitana anyamata a ku Lilongwe, inu mukatenge jasi ndi chibonga mukakhale pageti. Pageti sipafuna satifiketi."

Munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi, wa zidzukulu zinayi pakhomo, kuuzidwa zotero ndi mwana amene sanakwerepo m'siling'i. A Kadango anangonyamula bokosilo. Koma mumtima anati, ndimuonetsa. Olenji akufunayo ndimupatsa wowongoka, woti sadzapeza pogwira.

Loweruka analawirira. M'nyumba monsemo munalibe munthu, kupatula Nankhoma, mayi wokolopa, amene anakalambira pakampanipo limodzi ndi iwo. Makina anali zii. A Kadango anakwera makwerero, n'kukankha kachitseko ka siling'i ka m'chipinda cha swichi, n'kulowa ndi tochi pakamwa.

M'siling'i mumakhala usiku ngakhale masana. Malata ali pamutu, fumbi la nandolo lili m'mawondo. Ndipo m'menemo anaona ntchito ya Che Ajusa, imene Kalinde anaitukwana asanaione. Zingwe zinali zitagona motsatana ngati mizere ya m'munda wa mlimi wakhama, zomangidwa pa phaso lililonse, popanda chokhota mokakamiza. Khumi mwa izo zikanatha zaka zina makumi awiri. A Kadango anazidula, mtima ukuwawa, n'kumaziponya pansi. Atatsika anazikokera pakhonde la kuseri n'kuziunjika chiunjikeunjike.

Anakoka zatsopano, chimodzichimodzi, kuchokera m'maofesi kukafika ku swichi. Pobwerera pakhonde kukamwa madzi anaima. Mulu uja panalibe. Zingwe zakale zinali zitakulungidwa bwinobwino, chilichonse pachokha, chomangidwa ndi kawaya ka girini, zitatsamiritsidwa kukhoma kuyambira chachitali kufikira chachifupi.

"Achemwali," anaitana, "mwavutikiranji? Izi ndi zokataya."

Nankhoma anasuzumira pakhomo ndi chokolopera m'manja. "Ine ndigwire mawaya anuwo? Kuti andigwire magetsi, ana anga muwalere ndinu?"

"Nanga wakulunga ndani?"

"Si inu nomwe? Ukalamba, achimwene. Mawa mudzaiwala buluku."

Anaseka nawo. Koma anayang'ananso mfundo za timawayato. Zinali zopota kawiri n'kupinda nsonga mkati, kuti zisabaye chala. Iwo sankamanga choncho. Ankadziwa munthu mmodzi yekha womanga choncho.

Anabwerera ku ntchito. Anafinya mapulagi makumi awiri ndi anayi, olenji poyamba mbali zonse, ndipo pa pulagi iliyonse analemba nambala ya ofesi ndi cholembera chakuda. Kenaka anatenga tesita, kamakina ka zidutswa ziwiri, china chomangirira kumapeto kuno kwa chingwe, china kumapeto uko. Chingwe chikakhala bwino, timagetsi take timayaka motsatana, wani mpaka eyiti. Zingwe zonse khumi ndi ziwiri zinayenda wani mpaka eyiti. Nthawi inali isanakwane n'komwe wani koloko. Anyamata a ku Lilongwe akanatha masiku atatu, n'kudyeranso ku hotela.

Anakagula chimanga chowotcha kumsewu, n'kudya atakhala pamthunzi. Atabwerera kuti alongedze zida, chofinyira m'chikwama munalibe. Anafuna m'maofesi, pakhonde, m'matumba a ovolosi. Anakachipeza pamwamba pa swichi, chitagonekedwa mowongoka. Atachigwira, zogwirira zake zinali zofunda, ngati munthu wangochisiya kumene.

Malata atentha, anadziuza. Koma mtima sunakhazikike, ndiye anati ayezenso chingwe chimodzi asanatseke.

Timagetsi tinayaka: fili, sikisi, wani, folo, faifi, thuu, seveni, eyiti.

Munthu wa zingwe aliyense amadziwa kudumpha kumeneko. Ndi chingwe chosakaniza. Anayeza chachiwiri, chimodzimodzi. Chachitatu. Zonse khumi ndi ziwiri. Anathamangira m'maofesi, n'kupeza mapulagi onse ali olenji poyamba monga anawasiyira. Anabwerera ku swichi, n'kuunika pulagi imodzi ndi tochi. Kawaya koyamba kanali koyera ka mizere ya girini.

Pulagi ikafinyidwa sitsegukanso. Timano take ta mkuwa timaluma waya mpaka kalekale. Wofuna kusintha ayenera kudula n'kuika ina. Koma nambala zinali zomwezo, zolemba dzanja lawo, ndi faifi wawo wopendama uja. Anawerenga otsala m'kathumba: makumi awiri ndi asanu ndi imodzi, osasowa ngakhale imodzi.

Anakhala pa bokosi la chingwe. Mwina manjawa, anaganiza. Zaka zonsezi girini, girini, mwina manja achita zawo mutu uli kwina. Nanga tesita ija inayenda bwanji bwino? Funso limenelo analikankhira kumbali.

"Achemwali, tabwerani mundiimire umboni."

Nankhoma anabwera akupukuta manja m'chitenje. A Kadango anadula mapulagi onse khumi ndi awiri a ku swichi. Pa chingwe chilichonse ankandandalika timawaya n'kumuonetsa mayiyo asanafinye.

"Koyambaka ndi ka mtundu wanji?"

"Olenji."

"Aka?"

"Olenji. Kodi maso ayamba, achimwene? Muuzeni bwana wanu akugulireni magalasi, si amakukondani."

Anayeza zonse, Nankhoma akuona. Wani mpaka eyiti. Anatseka kachitseko ka siling'i, anakhoma chitseko cha chipindacho, kiyi n'kumumangirira pa chingwe cha m'khosi. M'kathumba munatsala mapulagi khumi ndi anayi.

Akutuluka, Nankhoma anati, "Koma nyimbo ija mumaimbabe, eti. Ndinayesa inapita ndi mwini wake."

"Nyimbo iti?"

"Ija ya woyera-girini, girini. Masana aja ndikukolopa m'kholido ndimaimva m'chipinda chanucho."

"Masana ndinali kumsewu. Ndimadya chimanga."

Nankhoma anawayang'ana. Anayang'ana chitseko chokhoma chija. Anamanga chitenje chake mwamphamvu. "Mawa ine kuli tchalitchi," anatero, ngakhale panalibe amene anamufunsa, ndipo anayenda mofulumira kuposa msinkhu wake.

Pa siteji ya minibasi, dzuwa litapendeka, anthu onse ankatsika kulowera kumsika. Munthu mmodzi yekha ndiye ankakwera chitunda kulowera kukampani. A Kadango anangomuona kumsana: wamfupi, kanthu koyera kumutu, mapewa opendekera kumanzere ngati wozolowera kusenza makwerero. Lole inadutsa pakati pawo. Itapita, mumsewumo munali fumbi lokha.

Lamulungu sanapite kutchalitchi. Mlonda wa pageti anawatsegulira akuyasamula, n'kunena kuti sipanalowe munthu chichokereni iwo. Loko anali monga anamusiyira. Kachitseko ka siling'i kanali kotseka. M'nyumbamo munali bata loti munthu ankamva malata akudzinyolola ndi dzuwa.

Sanafune n'komwe tesita. Anangozula pulagi imodzi pa swichi n'kuiunika. Girini. Yachiwiri, girini. Zonse.

Pamenepo mantha anayamba asanduka mkwiyo. Mapulagi khumi ndi anayi. Masitolo otseka. Mwayi unatsala umodzi wokha, ndipo ukalephereka, mawa lake ndi jasi ndi chibonga, makalaliki akudutsa pageti n'kumati mwadzuka bwanji alonda. Anadula pulagi ya chingwe nambala wani, cha mu ofesi ya Kalinde. Anasenda, anawongola, anandandalika olenji poyamba, anadula nsonga kuti zilingane, n'kulowetsa m'pulagi yatsopano.

Magetsi anazima.

Ku Limbe zimenezo si nkhani. Koma kachipindako kanalibe windo, ndipo kuwala kochokera m'kholido kunkangofika pa nsapato zawo. Anaika tochi pakamwa. Anatenga chofinyira, n'kulowetsa pulagi m'kamwa mwake.

Chingwe chinagwedezeka m'dzanja lawo. Kawiri.

Sikunali kukoka kwa khoswe. Khoswe amanjenjemeretsa. Uku kunali kukoka kwa dzanja, kofatsa, kodziwa, kochokera m'mwamba momwe chingwecho chinkalowera pabowo la siling'i. Mapeto ena a chingwecho anali gone pansi mu ofesi ya Kalinde, ndipo kiyi wa ofesiyo anali m'thumba mwawo.

Anadikira. Anagwiranso chofinyira, n'kuyamba kupana pang'onopang'ono.

Kawiri. Ulendo uno mwamphamvu, mpaka timawaya tinasololoka m'pulagi.

Ndipo m'kachipindamo, mmene munkanunkha fumbi la nandolo ndi pulasitiki, munalowa fungo lina, lowawa m'mphuno, limene a Kadango anali asanalimve chichokereni mkulu uja. Anachotsa tochi pakamwa. Sanailozetse m'mwamba. Anailozetsa pansi.

"Che Ajusa," anatero. "Ngati ndi inu, mundimvere. Ine pakhomo pali zidzukulu zinayi. Mukufuna ndikagwire chibonga? Kuchotsedwa kwanu kuja sikunakwane, mukufuna ndi ine ndemwe?"

Zii.

"Ndalamulidwa. Mwini ntchito wati olenji. Inu simunkamvera mabwana kodi?"

Kafumbi kanatsika kuchokera m'mphepete mwa kachitseko ka siling'i, n'kudutsa m'kuwala kwa tochi pang'onopang'ono, ngati pamwambapo wina wasuntha bondo kuti akhale bwino, amvetsere.

A Kadango anakhala pansi, pasimenti. Kenaka ananena zimene anali asanauzepo ngakhale mkazi wawo.

"Tsiku limene ankakunenani kuti mwawononga nyumba, ine ndinali pomwepo, ndikudzionabe ngati wosesa uja wakale. Ndinkadziwa za makoswe. Ndinatseka pakamwa. Kusadaka sindinabwere. Sikuti uthenga unachedwa. Ndinaopa kamnyamata ka nsapato zosongoka. Dzulo ndinadula ntchito yanu ndi manja amene munawaphunzitsa inu. Ndanena. Palibenso china."

Ali chikhalire, anayamba kuona nkhaniyo mbali ina. Akanafuna kuwawononga, mkuluyo akanasokoneza timawaya chisokonezesokoneze, buluu uku bulawuni uko. Sanatero. Mapulagi khumi ndi awiri aja anali ofinyidwa mwaluso, timawaya tofika kumapeto tonse, khungu la chingwe lolumidwa pamalo pake. Sikunali kuwononga. Munthu anali atagwira theka la ntchito, mbali yake, n'kumadikira mnzake amalize mbali inayo, monga ankachitira kale.

Ndipo mawa Kalinde akadzazula pulagi n'kuona olenji, netiweki ikuyenda, adzati chiyani? Adzati mwaona, ndinanena, vuto linali girini, vuto linali mbuli ya ku Machinga ija. Ndipo umboni wake adzakhala ataupanga ndi a Kadango.

Anatola chingwe chija. Anawongolanso timawaya. Mawu anatuluka okha, osasa poyamba: woyera-girini, girini, woyera-olenji, buluu, woyera-buluu, olenji, woyera-bulawuni, bulawuni. Analowetsa m'pulagi. Anadikira.

Chingwe chinagwedezeka kamodzi.

Khe.

Anatuluka ndi chikwama chawo, n'kuyenda ofesi ndi ofesi, kudula olenji, kuika girini. Ankagwira ntchito ngati zaka zija, pamene zingwe zikavuta pakampani yoyandikana nayo anthu ankati aitaneni aja a ku nandolo, aja ndiye amadziwa. Mu ofesi ya Kalinde anafinyira pulagi patebulo pake penipeni, tizidutswa ta waya n'kutisesera m'dzanja, poti ntchito yabwino sisiya zinyalala. Anayeza zonse. Wani mpaka eyiti. Anakhala pakhonde ola lathunthu, n'kubwerera kukayezanso. Wani mpaka eyiti. M'kathumba munatsala pulagi imodzi.

Lolemba m'mawa ngolo ndi njinga za alimi zinali zitandanda kale pageti. Timagetsi ta pa swichi tinkaphethira tonse khumi ndi tiwiri. Sikelo ikalemera kunja, nambala inkatulukira pa kompyuta mkati nthawi yomweyo, ndipo makalaliki ankati sinayambe yathamangapo chonchi. Kalinde anafika mochedwa, n'kuzungulira maofesi ndi nkhope ya munthu amene wabwera kumaliro n'kupeza wodwala akudya phala. Kenaka anawerama kuseri kwa tebulo lake, anazula pulagi, n'kupita nayo pawindo.

"Mdala."

"Wawa, bwana."

"Ichi n'chiyani?"

"Girini, bwana."

"Ine ndinati chiyani?"

"Munati olenji."

"Ndiye?"

A Kadango anavula chipewa, koma mutu sanaweramitse. "Nyumba ino inayamba ndi girini, bwana, ndipo amene anaiyamba sanalakwitse. Zingwe zija zinali bwino. Anatafuna ndi makoswe, ziwiri zokha. Ndinayenera kunena kalekale."

Kalaliki wina wamkulu anayesa kupepesera. "Komatu zikugwira ntchito, bwana."

"Pano sitikunena za kugwira ntchito. Tikunena za kumvera." Khosi la Kalinde linali litatupa. "Nonse bwerani. Ndikuonetseni mmene amapangira munthu amene anapita kusukulu. Mukatha kuona, mdala, mukalandire jasi."

Anatulutsa m'kabati bokosi lake la zida, lonyezimira, limene chigulireni linali lisanagwirepo ntchito. Onse anamutsata mpaka pakhomo pa kachipinda ka swichi, Nankhoma ali kumbuyo ndi ndowa yake. Kalinde anadula chingwe chachifupi, kutalika ngati mkono. Kusenda kokha kunamutengera nthawi yophikira tiyi. Timawaya tinkamuthawa m'zala, akagwira aka kena kadumpha.

"Kusukulu kumeneko mawaya ake ngofewa," Nankhoma ananong'oneza ndowa yake.

Koma anamaliza, tisamunamizire. Anaonetsa makalaliki pulagi yoyamba. "Koyamba ndi ka mtundu wanji?"

"Olenji, bwana."

"Iyi?"

"Olenji, bwana."

Analumikiza tesita, chidutswa china m'dzanja lamanja, china lamanzere, chingwe chikulendewera pakati. Wani mpaka eyiti. Timagetsi tinazungulira kawiri, katatu, iye atakweza manja kuti aliyense aone.

"Mwaona? Si ufiti. Ndi sukulu. Zaka zonsezi kampani ino yakhala ikudalira anthu ongoloweza ngati zinkhwe, osadziwa chifukwa chake. Kuyambira lero..."

"Bwana," anatero Nankhoma, osakweza mawu. "Magetsi anuwo akudumpha."

Kalinde anayang'ana m'dzanja lake. Fili, sikisi, wani, folo, faifi, thuu, seveni, eyiti.

Anagwedeza tesita. Anaimenya pantchafu. Fili, sikisi, wani. Chingwecho chinali chisanachoke m'manja mwake, ndipo maso a anthu asanu ndi atatu anali asanachoke pa chingwecho. Anazula pulagi ya kumanja n'kuiyandikiza kumaso. Olenji. Anazula ya kumanzere. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Anaitembenuza. Anaipereka kwa kalaliki wamkulu uja, ndipo kalalikiyo atangoiona anaibweza msangamsanga, n'kupukuta zala pa malaya.

Palibe anafunsa mtundu wake. Amene anali pakhomo anayamba kubwerera chambuyo, mmodzimmodzi, osafuna kuoneka kuti akuthawa. Kunja sikelo inkalira, alimi akuseka nkhani zawo. M'kachipindamo munazizira ngati m'mawa wa mu Juni.

Ndipo onse, osauzana, anakweza maso. Kachitseko ka siling'i, kamene a Kadango anakatseka ndi manja awo Loweruka, kanali kotsegula theka. Mkatimo munali mdima wokhawokha. Koma unali mdima umene munthu safuna kuupatsa msana.

Kalinde ananyambita milomo. Mawu ake atatuluka anali aang'ono, a mwana.

"Bambo Kadango."

Zaka zitatu, aka kanali koyamba kuwatchula dzina.

"Wawa."

"Zingwezi zikhale mmene zililimu. Ntchito yanu ndi yomweyi." Analoza m'mwamba. "Kachitseko ako, mungakatseke?"

A Kadango anavala chipewa chawo. Anatenga makwerero pakona, anawaimika pansi pa bowolo, n'kuwagwedeza pang'ono ndi dzanja limodzi.

"Ndi ogwedera awa, bwana. Amafuna munthu wowagwira."

Kalinde anayang'ana makalaliki. Aliyense anali atapeza choyang'ana pakhoma. Anayang'ana Nankhoma. Nankhoma anakumbatira ndowa yake ndi manja onse. Ndiye mnyamata wa mapepala uja anaika tesita pansi, anasendera, n'kugwira makwerero.

A Kadango anakwera mosafulumira, phazi limodzi, kupuma, phazi lina. Atafika pamwamba sanatseke msanga. Analowetsa mutu ndi mapewa mumdimamo, ndipo anthu pansi ankangomva kuti akulankhula motsitsa, n'kumaima, ngati munthu wopatsa mnzake mpata woyankha. Zimene ananena kumeneko sanauzepo munthu. Anakhalako nthawi yaitali, yaitali kwambiri, kuposa imene kachitseko kamafuna.

Ndipo nthawi yonseyo Kalinde anali chigwirire makwerero ndi manja awiri, mutu uli pansi, osayerekeza kusiya mpaka phazi la a Kadango litaponda simenti.